ZA CITUKUKO CA M'MIDZI: Bauti Likakhwepa, Mudzi Ubwerera ku Dambo

Mwezi wa October ukafika m'maboma a Petauke ndi Nyimba, dzuwa liswa mtengo, zitsime za m'madambo ziphwa, ndipo mitsinje yambiri itsala mcenga wokhawokha. Pa nyengo imeneyi moyo wa mudzi utsamira pa mjigo. Amai ndi ana ayamba kundanda ndi zidebe kusanace, ng'ombe nazo zidikira pa comwera, ndipo cogwirira ca mjigo sicipuma kufikira mdima. Mjigo ukaima pa mwezi wotere, anthu alibe kwina kolowera koma kukafukula mcenga ku mtsinje, kumene amwera pamodzi ndi ziweto.

Anthu ambiri akaona mjigo wafa aganiza kuti caonongeka ndi cinthu cacikulu ca pansi pa nthaka, cofuna ndalama zambiri ndi amisiri a ku Boma. Nthawi zina ndi momwemo. Koma kawirikawiri bvuto liyambira pamwamba, pamaso pa aliyense wotunga madzi: bauti limodzi linakhwepa osamangidwa, kapena linataika ndipo wina anapisapo waya m'malo mwake. Nkhani ya sabata ino ifotokoza kasankhidwe ndi kamangidwe ka mabauti ndi manati pa mijigo ndi pa mipope ya madzi, pakuti nchito imeneyi iri ndi malamulo ake amene mudzi uliwonse ungathe kuwatsata.

Kufunika kwake kunaoneka poyera m'zaka zapitazi. Mu October 2023 matenda a kolera anabuka mu Lusaka ndi kufalikira m'zigawo zonse 10 za dziko la Zambia, napha anthu oposa 700. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. Pa nthawi zotere mjigo wamoyo uteteza mudzi ku matenda, ndipo mjigo wakufa utumiza ana ku madzi oipa.

KUMENE ZITSULO ZIKOMANA

Mipope ing'onoing'ono ilumikizidwa mwa kupotera wina m'kamwa mwa unzake. Koma mipope ikuluikulu, ndiponso malo amene afunika kumasulidwa nthawi ndi nthawi, alumikizidwa mwa njira ina. Ku mapeto a mpope uliwonse kuli cimbale cacitsulo cokhala ndi zibowo m'mbali mwake. Zimbale ziwiri zikayang'anizana, pakati pake aikapo mphira wophwathalala, ndipo mabauti apyola m'zibowo ndi kupanikiza zonse pamodzi. Cimbale cimeneci amisiri acicha flanji, ndipo mphira wa pakati aucha gasiketi.

Maflanji apezeka pa matanki a madzi a pa sukulu ndi pa zipatala, pa mavavu otsegula ndi kutseka madzi, pa mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa, ndi pa injini zothirira madimba. M'matauni a Petauke ndi Nyimba, kumene madzi aperekedwa ndi kampani ya Eastern Water and Sanitation Company imene likulu lake liri ku Chipata, mipope ikuluikulu ikomana ndi mapampu ndi mavavu pa maflanji. Ngakhale mpope wa mafuta wa TAZAMA, umene unatsegulidwa mu 1968 ndipo uyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, udalira maflanji ndi mabauti pa malo ake opopera. Nchitoyi ndi yolemekezeka kotero kuti mu 2000 bungwe la mainjiniya la ku America lochedwa ASME linasindikiza buku la malangizo lonena za kamangidwe ka mabauti a pa maflanji pokha.

Koma maflanji amene anthu a kumudzi akhala nawo pafupi tsiku ndi tsiku ali pa mjigo wa India Mark II, umene uli wofala kwambiri m'midzi ya m'Zambia. Mjigo umenewu unakonzedwa ku India m'zaka za m'ma 1970 ndi Boma la dzikolo pamodzi ndi bungwe la UNICEF. Pamwamba pa nthaka uli ndi zigawo zitatu: mutu umene muli cogwirira ndi cheni, kathanki kamene kali ndi mlomo wotulukira madzi, ndi tsinde lozikika m'simenti. Mabauti 4 agwira mutu ku kathanki, ndipo ena 4 agwira kathanki ku tsinde. Onse pamodzi ali 8, ndipo munthu aliyense angathe kuwawerenga ataimirira pa mjigo.

KATUNDU AMENE BAUTI LISENZA

Madzi a mumpope akankha zitsulo usana ndi usiku. Ngati thanki iri mamita 10 pamwamba, madzi a pansi pake akankha ndi mphamvu ya kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse ka sentimita 1 m'litali ndi sentimita 1 m'lifupi, kamalo konga cikhadabo ca cala. Pa vavu yotseka ya mpope wa mamilimita 100, mphamvu imeneyi ikwana pafupifupi makilogalamu 80. Ngati pampu ikankhira madzi pa phiri la mamita 100, mphamvuyo ifika pa makilogalamu 800, kulemera kwa matumba 16 a cimanga a makilogalamu 50. Cimene ciletsa zimbale ziwirizo kupatukana ndi mabauti okha. Pa cifukwa cimeneci pa maflanji ndi mavavu ambiri palembedwa PN10 kapena PN16, kutanthauza kuti apirira madzi ofanana ndi a thanki ya mamita 100 kapena 160 pamwamba.

Pa mjigo katundu ndi wa mtundu wina. Mipope yotsikira pansi, uliwonse wa mamita 3, ilendewera pa kathanki. Pa citsime cofuna mipope 10, mipopeyo ndi madzi a m'kati mwake ipitirira makilogalamu 100. Pamwamba pa apo pali kugwedeza kwa cogwirira. Ngati anthu apopa ka 40 pa mphindi imodzi kwa maola 8, mutu wa mjigo ukankhidwa ndi kukokedwa ka 19,200 tsiku limodzi. Nchito ya mabauti 8 aja ndiyo kugwira zigawo zitatuzo kuti zikhale monga citsulo cimodzi pa kugwedeza konseku.

Anthu ambiri ayesa kuti bauti liri ngati msomali kapena cikhomo cimene cingotseka cibowo. Bauti ligwira nchito monga mphira umene anthu amangira katundu pa njinga. Mphira ukangozengedwa osaukoka, thumba ligwa pa cigwembe coyamba. Ukakokedwa mopitirira, uduka. Ugwira bwino pamene wakokedwa pa mlingo wake. Bauti nalo litanuka pamene nati imangidwa, ngakhale kutanukako sikuoneka ndi maso, pakuti pa bauti lalifupi kufanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Kutanuka kumeneku ndiko kupanikiza zimbale, ndiponso ndiko kuletsa nati kubwerera m'mbuyo. Malamulo onse a kasankhidwe ndi kamangidwe acokera pa mfundo imeneyi.

KUSANKHA BAUTI LOYENERA

Coyamba ndi kunenepa kwake. Mabauti a masiku ano achulidwa ndi cilembo ca M ndi nambala yosonyeza mamilimita. Bauti la M12 ndi lonenepa mamilimita 12 ndipo limangidwa ndi sipanala ya 19. La M10 lifuna sipanala ya 17, la M16 ya 24, ndipo la M20 ya 30. Pa maflanji a mjigo wa India Mark II palowa mabauti a M12 otalika mamilimita 40. Pa mipope ya PN16, flanji ya mamilimita 50 ifuna mabauti 4 a M16, ya mamilimita 80 kapena 100 ifuna mabauti 8 a M16, ndipo ya mamilimita 150 ifuna mabauti 8 a M20. Bauti loonda m'cibowo cacikulu lisewera, ndipo mutu wake ungathe kudya m'mbali mwa cibowo. Cibowo ciriconse ciyenera kukhala ndi bauti lake. Flanji ya zibowo 8 yomangidwa ndi mabauti 4 idontha posacedwa, pakuti mphira supanikizika pa malo osiyidwawo.

Caciwiri ndi mizere yopota ya pa bauti, imene nati iyendamo. Mu 1841 mmisiri wa ku England, Joseph Whitworth, anakonza muyeso wa mizere wowerengera mainchi, ndipo makina ambiri akale amene anafika m'Zambia dziko lisanayambe kuwerengera mamita anali a muyeso umenewo. Mabauti ake apezekabe pa zigayo zakale, pa mapulawo, ndi m'zitini za zitsulo za pa misika. Bauti la hafu inchi ndi lonenepa mamilimita 12.7, motero pa maso lifanana ndi la M12, koma mizere yake ndi yotalikirana kusiyana ndi ya M12. Nati ya mtundu wina pa bauti la mtundu wina izungulira kamodzi kapena kawiri, kenaka ikakamira. Woikakamiza ndi sipanala aphwanya mizere, ndipo ayesa kuti wamanga pamene waononga. Kuyesa kwake n'kosabvuta: nati yoyenera iyenda ndi zala zokha kucokera ku nsonga kufikira kumene mizere ithera. Wogula ayenera kuyesa motero akali m'sitolo, ndipo acita bwino kunyamula bauti lakale kuti afanizire. Akulu anati safunsa anadya phula.

Cacitatu ndi nambala ya pa mutu wa bauti. Mabauti abwino ali ndi nambala monga 4.6, 8.8 kapena 10.9, yosonyeza kulimba kwa citsulo cake. Bauti la M12 lolembedwa 4.6 liduka likakokedwa ndi katundu wa matani pafupifupi 3 ndi theka, pamene la 8.8 la msinkhu womwewo lipirira kufikira matani pafupifupi 7. Nati nayo iri ndi nambala yake, ndipo bauti la 8.8 lifuna nati ya 8. Nati yofewa pa bauti lolimba isosoka mizere bauti lisanatanuke mokwanira. Bauti lopanda nambala iriyonse liyenera kuyesedwa lofooka. Pa flanji imodzi mabauti onse akhale a nambala imodzi, kuti asenze katundu mofanana.

Cacinai ndi utali. Nati ikamangidwa, mizere iwiri kapena itatu iyenera kuonekera kunja kwake. Bauti lothera m'kati mwa nati ligwira ndi mizere yocepa. Bauti lalitali kwambiri nalo liri ndi msampha wake: mabauti ambiri aatali ali ndi thunthu losalala pafupi ndi mutu, ndipo nati ingathe kufika kumene mizere ithera isanapanikize zimbale. Womanga amva kuti yalimba, koma flanji ikali yokhwepa.

Cacisanu ndi dzimbiri. Pa mjigo ndi pa mpope pakhala ponyowa masiku onse, motero bauti lakuda la citsulo wamba licita dzimbiri msanga ndi kumamatirana ndi nati yake. Loyenera ndi lokutidwa ndi zinki monga malata a pa denga. Bauti lokutidwa mocindikala ligulidwe pamodzi ndi nati yake, cifukwa nati yotero idulidwa motakasuka pang'ono kuti zinki ipeze malo. Alipo mabauti a citsulo cosacita dzimbiri, olembedwa A2 kapena A4. Amenewa akhalitsa, koma akamangidwa ouma ndi mofulumira mizere yake igwirana kotero kuti samasukanso koma kuwaceka. Afunika kupakidwa girizi ndi kumangidwa pang'onopang'ono.

Pansi pa nati payenera kukhala washala wacitsulo, amene agawa mphamvu ndi kuteteza nkhope ya flanji kuti isakalike. Pa flanji ya pulasitiki washala afunika mbali zonse ziwiri. Koma kuunjika mawashala ambiri kuti bauti lalitali likwane ndi kudzinyenga, pakuti muluwo utitimira pakapita masiku ndipo bauti likhwepa.

KUKONZEKA KUMANGA

Munthu asanakhudze flanji ya pa mpope ayenera kutseka vavu, kuzimitsa pampu, ndi kutsegula mpope wa kumunsi kuti madzi aturuke. Pomasula ayambire mabauti a mbali yakutali ndi iye, ndipo asacotse manati onse kufikira ataona kuti mumpope mulibe mphamvu, kuti ngati madzi atsalamo athovokere kwina osati kumaso kwake.

Nkhope za zimbale zipalidwe ndi burashi ya waya kufikira dzimbiri, matope ndi zotsalira za mphira wakale zitacoka. Kamwala kamodzi kotsala pakati katsegulira madzi njira. Mphira ukhale watsopano nthawi iriyonse pamene flanji yamasulidwa, pakuti wakale unaphwathalala kale ndipo subwerera. Ukhale umodzi, wa msinkhu wa flanjiyo, wosatsekereza kamwa la mpope. Mphira wodulidwa ku cubu ca galimoto ungathandize kwa masiku owerengeka, koma ndi wopyapyala ndipo uthawira m'mbali ukapanikizidwa.

Zimbale ziwirizo ziyenera kuyang'anizana zokha, zibowo zitalunjikana, mabauti asanalowe. Ngati mpope wapendekeka, ukonzedwe pa zocirikiza zake. Kuukoka ndi mabauti kuti ufike kusenzetsa mabautiwo katundu amene sali wao, ndipo vavu ya citsulo cosungunula ingathe kung'aluka.

Mizere ya bauti ipukutidwe ndi kupakidwa girizi pang'ono, pamodzi ndi pansi pa nati. Mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu aika pa sipanala, pafupifupi 9 athera pa kukhulana kwa zitsulo, ndipo gawo limodzi lokha ndilo litanula bauti. Pa bauti la dzimbiri kukhulana kukula, motero dzanja limva kulimba pamene flanji sinapanikizike. Pa bauti la girizi nati iyenda mofewa, ndipo womanga ayenera kucepetsa mphamvu kuti asapitirize mlingo.

KUMANGA MOPINGASA

Colakwa cofala koposa ndico kumanga bauti loyamba mpaka kulimbiratu, kenaka lotsatana nalo, ndi kuzungulira motero. Pakutero flanji ipendekera mbali imene yayamba kumangidwa, mphira uphwanyika mbali imeneyo, ndipo mbali inayo itsala yoyasama. Madzi akayamba kudontha womangayo aonjeza mphamvu, ndipo zinthu ziipiraipira.

Njira yoyenera ndi iyi. Mabauti onse alowetsedwe, ndipo manati onse amangidwe ndi zala zokha. Womanga alembe manambala pa mabauti ndi coko kapena khala, kuzungulira monga muyendera dzanja la wochi. Pa flanji ya mabauti 4 amange 1, kenaka 3 loyang'anizana nalo, kenaka 2, ndi kutsiriza ndi 4. Pa flanji ya mabauti 8 dongosolo ndi 1, 5, 3, 7, 2, 6, 4, 8. Aliyense amene anamangapo gudumu la galimoto kapena kukunga cikumba ca ng'oma adziwa kale nzeru imeneyi: cikhomo ca uku ciyankhidwa ndi ca tsidya lina.

Dongosololi libwerezedwa katatu. Ulendo woyamba womanga aike gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yofunika, waciwiri magawo awiri, ndipo wacitatu mphamvu yonse. Pakati pa maulendowa ayang'ane mpata wa pakati pa zimbale kuzungulira konse, ndipo ngati mbali ina yatsala yotakasuka ayambire kumeneko. Potsiriza azungulire bauti ndi bauti motsatana, kufikira palibe nati imene isuntha. Ulendo wotsirizawu ufunika cifukwa bauti lirilonse likamangidwa lipeputsa katundu wa anzake oyandikana nalo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo flanji igwira pamene mabauti onse agawana katundu mofanana.

Mphira utitimira pang'ono m'maola oyamba, makamaka pa mipope ya pulasitiki. Motero tsiku lotsatira womanga abwerere, atseke madzi, ndi kuzunguliranso manati onse kamodzi.

MLINGO WA MPHAMVU

Amisiri a makampani ali ndi sipanala yoyeza mphamvu, yochedwa torque wrench, imene ilira pamene mlingo wakwana. Muyeso wake ulembedwa Nm. Bauti la M12 la 8.8 lifuna pafupifupi 80 Nm, pamene la 4.6 lifuna pafupifupi 30 Nm cabe. Pa flanji ya mphira wofewa kapena ya pulasitiki mlingo utsika, ndipo pepala la wopanga vavu kapena mpopewo ndilo liyenera kutsatidwa.

Kumudzi sipanala yotere sipezeka, koma sipanala wamba iri ndi mlingo wake m'utali wake. Opanga anaikonza kuti ya bauti laling'ono ikhale yaifupi, ndi ya bauti lalikulu ikhale yaitali. Munthu akakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 30 pa sipanala ya masentimita 20, apereka pafupifupi 60 Nm. Akabveka mpope wa mita imodzi pa sipanala yomweyo ndi kukoka mofanana, mphamvu ikula kasanu, kufika pafupifupi 300 Nm, imene iposa kutali cimene bauti la M12 lingapirire. Bautilo liduka pomwepo, kapena litanuka kosabwerera ndi kudzaduka sabata ina anthu ali pa mzere. Cotero mpope wotalikitsira, nyundo, ndi kupondera sipanala ndi phazi zisagwiritsidwe nchito pomanga. Dzanja limodzi lokoka mosadukiza likwanira, sipanala yaciwiri itagwira mutu wa bauti kuti lisazungulire. Bauti limene laonda pakati, lapindika, kapena lasosoka mizere litaidwe.

Sipanala ikhale ya nambala yake yeniyeni. Pulayala ndi sipanala ya mipope zidya ngodya za nati, ndipo nati yosalala ibvuta kumanga ndi kumasula komwe.

ULENDO WA MWEZI NDI MWEZI PA MJIGO

Mjigo uli ndi zizindikilo zake zocenjeza. Mutu ukamagwedera pamene munthu apopa, kapena pakamveka kugogoda kwa citsulo, kapena pakaoneka fumbi lofiira kuzungulira bauti, ndiye kuti mabauti akhwepa. Akasiyidwa motero zibowo zozungulira zidyeka ndi kutalika, ndodo yacitsulo yotsikira pansi iyamba kukhula mpope, cheni ikokera mbali imodzi, ndipo madzi akuda a pamwamba angathe kulowera pa mpata kutsikira m'citsime. Pamenepo bvuto la nati imodzi lasanduka la mutu wonse wa mjigo.

Kamodzi pa mwezi wosamalira mjigo atenge masipanala a 17 ndi 19. Awerenge mabauti 8 a pa maflanji ndi kuwamanga mopingasa. Atsegule citseko ca pa mutu, aone manati a cikhomo cimene cogwirira cizungulirapo, aone bauti logwira cheni, ndi kupaka girizi pa cheni. Pamene pali manati awiri pa bauti limodzi, yoyamba imangidwe pa mlingo wake, kenaka igwiridwe ndi sipanala imodzi pamene yaciwiri imangidwa pamwamba pake. Nati ya pa cheni iri ndi kamphete ka pulasitiki m'kati kamene kailetsa kubwerera. Kamphete kameneka kafooka nati ikamasulidwa kangapo, motero ngati iyenda ndi zala zokha mpaka kumapeto, ifunika yatsopano.

Malire a nchito ya wosamalira athera pamenepo. Kukweza kathanki ndi kuturutsa mipope ndi nchito ya mmisiri wa mijigo wophunzitsidwa, wokhala ndi zida zogwirira mipope. Mipope ikapulumuka ndi kugwera m'citsime, kuibvuula kubvuta ndipo kudya ndalama zambiri.

UDINDO WA MUDZI

Boma la Zambia linaika kasamalidwe ka mijigo m'manja mwa eni mudzi, kupyolera m'makomiti a madzi ochedwa V-WASHE. Mu 2005 linayambitsa, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, dongosolo lochedwa SOMAP m'maboma a Monze ndi Mumbwa, limene pambuyo pake linafalikira m'maboma ena. Cifuno cake cinali cakuti anthu azisonkha ndalama zokonzera mjigo wao, kuti m'dera lirilonse mukhale amisiri a mijigo, ndi kuti zitsulo zosinthira zizigulitsidwa pafupi. Komiti yanzeru igula mabauti a M12 owerengeka, manati, mawashala ndi kacitini ka girizi pa nyengo yokolola pamene ndalama zioneka, ndi kuzisunga kwa msungi wa cuma. Mudzi wa kutali ndi mseu waukulu wa Great East Road, monga ya kumunsi ku cigwa ca Luangwa, utaya masiku ngati uyamba kufuna bauti mjigo utaima kale.

Pali bvuto lina limene mafumu a midzi ayenera kuliyang'ana. Bauti la pa mjigo likwananso pa pulawo ndi pa cikocikale, motero pa nyengo yolima munthu wosaganiza angathe kumasula limodzi usiku, nati otsalawo agwira. Otsalawo asenza katundu woposa mlingo wao, ndipo mutu uyamba kugwedera. Wotenga bauti pa mjigo abera mudzi wonse, pamodzi ndi ana ake omwe. M'maiko a Mfumu Yaikulu Kalindawalo, a Mwanjawanthu, a Mumbi, a Ndake, a Luembe, a Nyalugwe ndi a Mwape, mlandu wotere uyenera kuweruzidwa pa bwalo monga uweruzidwa wa munthu woipitsa citsime.

Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu, ndipo kukumba mijigo ndi kuimika matanki ndi zina mwa nchito zimene ndalamazi zilipirira. Pa tsiku lolandira nchito yotere kwa womanga, komiti isakhutire ndi kuona madzi akuturuka. Iwerenge ngati cibowo ciriconse ciri ndi bauti, ione nambala pa mitu yake, ione ngati mizere iturukira kunja kwa manati, ndi kuyang'ana pansi pa flanji iriyonse ngati pali ponyowa. Cosowa cinenedwe tsiku lomwelo, womanga asanacoke.

Nchito yonseyi itenga theka la ola pa mwezi, masipanala awiri, ndi munthu mmodzi wodziwa dongosolo la kumanga mopingasa. Makomiti a madzi a m'Petauke ndi Nyimba acita bwino kuyendera mijigo ndi matanki ao mwezi wa August usanathe, kuti pamene dzuwa la October lifika, mabauti onse akhale m'malo mwake ndipo amai apeze madzi pa mjigo wa m'mudzi mwao.